Mnzanu mmodzi, kalabu, parkrun kapena foni: ndani angakudzutseni kuti mukathamange?

Ambiri mwa anthu amene amasiya kuthamanga amasiyira pabedi. Belu la wotchi limalira kunja kukadali mdima, mphepo ikuzizira kapena mvula ikuwaza, ndipo munthu amazindikira kuti akatembenuka n'kudzifundanso, palibe amene adziwe, palibenso amene afunse. Kujomba kamodzi kumaitana kujomba kwachiwiri, ndipo pofika sabata yachitatu nsapato zija zimakhala zitayamba kugwira fumbi. N'chifukwa chake amene akhala akuthamanga kwa zaka zambiri amakonda kulangiza oyamba kumene kuti apeze anzawo othamanga nawo. Langizoli ndi labwino koma ndi loperewera, chifukwa njira zothamangira ndi ena zilipo zingapo zosiyana kwambiri, ndipo njira imene yakhazikitsa wina pa masewerawa ikhoza kugwetsa mnzake mphwayi kapenanso kumuvulaza. Poyerekeza njirazi ine ndimadzifunsa mafunso awiri: kodi munthu akajomba, ndani adzazindikire kuti palibe, nanga pamene akuthamanga, ndi liwiro la ndani limene likulamulira?

Mafunso awiriwa ali ndi pogwira. Mu 1898 katswiri wa ku America, Norman Triplett, atasanthula nthawi za opalasa njinga pa mipikisano, adaona kuti munthu amapalasa mwaliwiro kwambiri akakhala ndi womutsogolera kapena wopikisana naye kusiyana ndi pamene akulimbana ndi wotchi yokha. M'zaka za m'ma 1920 Otto Köhler adayesa mamembala a kalabu ina yopalasa mabwato ku Berlin powanyamulitsa zitsulo zolemera awiriawiri, ndipo adapeza kuti wofookerapo amapirira nthawi yaitali akadziwa kuti iye akasiya, ntchito ya onse awiri yaima. Koma izi zinkaoneka bwino pamene mphamvu za awiriwo sizinali zotalikirana kwambiri. Mbali inayo ya nkhaniyi adaiona Max Ringelmann wa ku France, amene mu 1913 adalemba kuti anthu okoka chingwe akamachuluka, aliyense amakoka mochepera mphamvu zake. Choncho gulu palokha silipatsa munthu khama. Limamupatsa khama pokhapokha akadziwa kuti kupezeka kwake ndi kusowa kwake zikuoneka.

Pa muyeso umenewu palibe njira yoposa kukhala ndi mnzanu mmodzi amene mwapangana naye tsiku, nthawi ndi malo. Munthu akhoza kudzinamiza yekha kuti mawa adzathamanga kawiri, koma n'zovuta kusiya mnzake ataima pamphambano mbandakucha, akuponda apa ndi apo kuti asazizidwe, akuyang'ana njira imene iye akuyenera kutulukira. Manyazi amenewo ndi amphamvu kuposa chilimbikitso chilichonse chimene munthu angawerenge kapena kumvetsera, ndipo amagwira ntchito ngakhale pa tsiku limene mtima sukufuna n'komwe. Kuwonjezera apo, anthu awiri sasowa ndalama yolowera, sasowa mtsogoleri, ndipo akhoza kusintha nthawi malinga ndi ntchito zawo. Ngakhale akatswiri amadalira zimenezi. Pa 6 Meyi 1954, pamene Roger Bannister adakhala munthu woyamba kuthamanga mailo imodzi m'nthawi yosakwana mphindi 4 pa bwalo la Iffley Road ku Oxford, sadali yekha: Chris Brasher adamutsogolera kumayambiriro, Chris Chataway n'kupitiriza, ndipo awiriwa adali anzake amene ankachita nawo zokonzekera kwa miyezi yambiri. Nthawi ya mphindi 3 ndi masekondi 59.4 idalembedwa pa dzina la mmodzi, koma idaphikidwa ndi atatu.

Kufooka kwa njirayi kuli pomwepo pamene pali mphamvu yake, chifukwa zonse zaimira pa munthu mmodzi. Mnzanuyo akabinya bondo, akasamuka, akasinthidwa nthawi yolowera ntchito kapena akabadwitsa mwana, chizolowezi chanu chimagwa limodzi ndi chake. Palinso msampha wina umene anthu sakonda kuutchula: awiri akhoza kugwirizana pa ulesi monga momwe amagwirizanirana pa khama. Ine ndidakhalapo ndi mnzanga amene tinkathamanga bwino kwa miyezi ingapo, mpaka tsiku lina iye adatumiza uthenga m'mamawa kuti watopa, ine n'kuyankha msangamsanga kuti nanenso sindidagone bwino, ndipo kuchokera pamenepo aliyense ankadzuka n'kuyang'ana foni akuyembekezera kuti mnzake ayambe ndiye kupepesa. Palibe amene adanena kuti tasiya, tidangoleka kufunsana. Chimene ndidaphunzirapo n'chakuti pangano lotere limafunika lamulo lake: wofuna kujomba anene dzulo lake madzulo, osati m'mamawa pamene aliyense akadali mu bulangete, ndipo wotsalayo apitebe ngakhale kwa mphindi 20 zokha. Njira ina yabwino koposa ndi kukhala atatu, chifukwa mmodzi akalephera pamatsala awiri, ndipo gulu la atatu likadali laling'ono moti wosowa amaoneka nthawi yomweyo.

Funso la liwiro ndi limene limathetsa maubwenzi ambiri a othamanga. Ngati wina amatha kilomita imodzi pa mphindi 5 pamene mnzake amafuna mphindi 7, sangathamange limodzi tsiku lililonse popanda mmodzi kuvutika: wochedwayo amadzikoka ali wefuwefu pofuna kuti asaoneke wobwezera mnzake m'mbuyo, ndipo posakhalitsa amayamba kuopa tsiku lothamanga, pamene wachanguyo amaona ngati akutaya nthawi. Vutoli lili ndi mankhwala ake ngati awiriwo akambirana poyera. Wachangu akhoza kuika masiku ake opepuka pa masiku amene akuthamanga ndi mnzake, n'kusiya zolimba kuti azichita payekha. Akhozanso kuthamangira pa bwalo lozungulira kapena pa chitunda chimodzi n'kumawerenga nthawi m'malo mwa mtunda, kuti aliyense athamange mphindi 2 pa mphamvu zake, kenako akumane popuma. Muyeso wosavuta wodziwira ngati liwiro lili bwino kwa onse ndi kucheza: ngati mmodzi sangathe kumaliza chiganizo osadukiza mpweya, ndiye kuti kwa iyeyo ulendowo si wopepuka, kaya wotchi ikunena zotani. Amati kuyenda awiri si mantha koma kudziwana, ndipo pa kuthamanga kudziwanako kumayambira pa kuuzana zoona za mpweya wanu.

Kalabu imathetsa vuto lodalira munthu mmodzi, popeza Lachiwiri madzulo kapena Lamlungu m'mawa anthu amakhalapo kaya uje wabwera kapena ayi. Kalabu yokhazikika imagawa anthu m'magulu malinga ndi liwiro, imakhala ndi mphunzitsi kapena othamanga odziwa zambiri, ndipo munthu amaphunzira zinthu zimene sakadazitulukira yekha, monga kuonjezera mtunda pang'onopang'ono, kusiyanitsa kutopa kwabwino ndi kupweteka kochenjeza, ndi kusakaniza masiku olimba ndi opepuka. Kwa amene amathamanga kunja kukadali mdima kapena kutada, makamaka amayi, kukhala ambiri ndi chitetezo chenicheni. Kuthamanga kwa anthu wamba monga tikukudziwira lero kudafala kwambiri kudzera m'magulu otere: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 mphunzitsi Arthur Lydiard adayambitsa gulu la othamanga pang'onopang'ono ku Auckland m'dziko la New Zealand, ndipo mphunzitsi mnzake Bill Bowerman ataliona adakayambitsa lofanana nalo ku Eugene ku America. Kumtunda kwenikweni kwa masewerawa nkhani ndi yomweyo. Katswiri wa mitunda italiitali Eliud Kipchoge wakhala zaka zambiri akukonzekera pa kampu ya ku Kaptagat ku Kenya motsogoleredwa ndi mphunzitsi wake Patrick Sang, pamodzi ndi othamanga anzake amene amagona, kudya ndi kugwira ntchito za pakampu limodzi, ndipo pa 12 Okutobala 2019, pamene adatha mtunda wa makilomita 42.195 pa ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40 ku Vienna, adathandizidwa ndi othamanga 41 amene ankasinthana pomutsogolera ndi kumutchinga ku mphepo.

Komabe kalabu ili ndi matenda ake awiri. Oyamba ndi aja a Ringelmann: pa gulu la anthu 60 munthu watsopano akhoza kubwera kawiri, n'kusowa mwezi wonse, popanda wina kuzindikira kuti adabwerako. Amene amakhazikika m'kalabu kawirikawiri ndi amene apeza anthu awiri kapena atatu a liwiro lawo m'kati mwa gulu lalikululo, kotero kuti kalabu imakhala ngati malo opezerako mnzanu mmodzi uja. Matenda achiwiri ndi mpikisano wobisika. Mtsogoleri amalengeza kuti lero tithamanga mopepuka, koma wina akapitirira ndi phazi limodzi, woyandikana naye amamubwezera, ndipo pofika kilomita yachisanu gulu lonse likuthamanga ngati pali mendulo kumapeto. Katswiri wofufuza za masewera, Stephen Seiler, adaonetsa kuti akatswiri a masewera ofuna kupirira amachita pafupifupi magawo 80 pa 100 a zokonzekera zawo pa liwiro lopepuka; munthu wamba amene amathamanga katatu pa sabata, katatu konseko akulimbana ndi anzake, ndiye kuti akuchita zimene ngakhale akatswiriwo amazipewa, ndipo mapeto ake amakhala kupweteka kwa miyendo, kwa mawondo kapena kwa mtsempha wa kuchidendene. Musanalowe kalabu, pitani kamodzi n'kuyang'ana kumbuyo kwa gulu osati kutsogolo. Ngati pali munthu amene ntchito yake ndi kuthamanga ndi womalizira, ndiponso ngati achangu amaima kapena kubwerera kudzatenga anzawo, kalabuyo ndi yoti mungakhalemo.

Pa nkhani ya kusiyana liwiroyi ndimasirira nzeru ya a Hash House Harriers, gulu limene lidayambira ku Kuala Lumpur mu 1938 ndipo lidafalikira m'maiko ambiri. Mmodzi amatsogola kukaika zizindikiro za njira, n'kuikamo dala njira zina zosokeretsa. Achangu ndi amene amayamba kusokera n'kubwerera, ndipo pamene akufunafuna njira yeniyeni, ochedwa amakhala atawapeza. Si gulu loti mukonzekerereko mpikisano, ndipo mbiri yake ya kucheza ndi zakumwa si aliyense angaikonde, koma lidapeza yankho pa vuto limene makalabu ambiri okhwima amalephera kulithetsa.

Pakati pa kalabu ndi kuthamanga panokha pali parkrun, imene idayamba pa 2 Okutobala 2004 ku Bushy Park mu mzinda wa London ndi othamanga 13, moyambitsidwa ndi Paul Sinton-Hewitt, amene pa nthawiyo adali atavulala ndipo ankafuna njira yokhalira pafupi ndi anzake othamanga. Dongosolo lake ndi losavuta: makilomita 5, Loweruka lililonse m'mawa, kwaulere, ndipo anthu odzipereka ndi amene amawerenga nthawi ndi kulondolera njira. Woyenda pansi amaloledwa, ndipo wodzipereka mmodzi amayenda kumbuyo kwenikweni kuti wina aliyense asakhale womalizira. Ku South Africa idafika mu 2011 kudzera mwa katswiri wothamanga Bruce Fordyce, pa Delta Park ku Johannesburg. Kwa munthu wamanyazi, amene amaopa kuti kalabu ikamuona ngati wochedwetsa, iyi ndi khomo lofewa kwambiri lolowera, popeza palibe amene amamufunsa chilichonse, komanso nthawi yake imalembedwa sabata ndi sabata moti amaona yekha mmene akusinthira. Pa funso la liwiro parkrun imakhoza bwino, chifukwa aliyense amalamulira lake. Pa funso la kujomba ndi yofooka, popeza simudalonjeze munthu aliyense kuti mubwera. Ndiponso kamodzi pa sabata n'kochepa: bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu mphindi 150 mpaka 300 za masewera olimbitsa thupi apakatikati pa sabata, kapena mphindi 75 mpaka 150 za olimba, ndipo makilomita 5 a Loweruka okha safikapo. Chimene ndimaiyamikira kwambiri ndi mwayi wodzipereka, chifukwa wovulala akhoza kubwerabe kudzagwira wotchi kapena kuimirira pokhota, ndipo chizolowezi chodzuka Loweruka sichiduka pamene mwendo ukuchira. Kumene parkrun kulibe, maziko ake akhoza kutengedwa ndi anthu ochepa chabe: tsiku limodzi, ola limodzi, malo amodzi, osasintha ndiponso osadikira kuti awerengane kaye.

Njira ya pa foni ndi imene ndimaikayikira kwambiri, ngakhale sindingaitaye. Mapulogalamu ngati Strava, imene idayamba mu 2009, amalemba mtunda, liwiro ndi njira imene mwadutsa, n'kuzionetsa kwa anzanu amene akhoza kukuyamikirani. Kuti zimenezi zimakoka anthu, umboni ulipo. Mu 2017 Sinan Aral ndi Christos Nicolaides adafalitsa kafukufuku wa othamanga oposa 1 miliyoni amene adawatsatira kwa zaka zisanu, ndipo pogwiritsa ntchito kusiyana kwa nyengo pakati pa mizinda adaonetsa kuti mnzanu akathamanga kilomita imodzi yoonjezera, inu mumaonjezera pafupifupi mamita 300 tsiku lomwelo. Chochititsa chidwi n'chakuti amene ankathamanga pang'ono ndi amene ankakoka othamanga kwambiri, ngati kuti munthu amaopa kupezedwa ndi wa m'mbuyo kuposa mmene amafunira kupeza wa patsogolo. Amuna ankakokedwa ndi amuna komanso akazi, pamene akazi ankakokedwa ndi akazi anzawo okha. Kwa munthu wogwira ntchito usiku, woyendayenda kapena wokhala kutali ndi othamanga ena, foni ikhoza kukhala gulu lokhalo limene angalipeze.

Vuto lake n'lakuti foni imaonetsa zimene mwachita koma imakhala chete pa zimene simudachite. Anthu 200 akhoza kukuyamikirani lero, koma mukasowa masabata atatu mayina ena amangodzaza malo anu. Imalimbikitsanso kudzionetsera, chifukwa munthu akadziwa kuti liwiro lake lionedwa amachita manyazi kuthamanga pang'onopang'ono ngakhale thupi likupempha kupuma. Palinso nkhani ya chinsinsi imene siyenera kupeputsidwa: mu Januwale 2018 zidadziwika kuti mapu a Strava oonetsa njira zimene anthu amathamangamo kwambiri adaulula malo ndi maonekedwe a makampu a asilikali m'maiko angapo. Ngati mapu akhoza kuulula kampu ya asilikali, akhozanso kuulula khomo la nyumba yanu ndi ola limene mumatulukira, choncho bisani poyambira ndi pothera ulendo wanu, ndipo musalole anthu osawadziwa kuona njira zanu. M'kuona kwanga, kagulu ka pa WhatsApp ka anthu anayi kapena asanu odziwana, kamene aliyense amanena Lamlungu masiku amene athamange ndipo anzake amamufunsa akapanda kutumiza kanthu, kamagwira ntchito kuposa otsatira mazanamazana.

Yotsala ndi njira yolembetsa limodzi mpikisano n'kumakonzekera pamodzi. Tsiku lolembedwa pa kalendala limapatsa sabata iliyonse cholinga, ndipo dongosolo lokonzedwa kale limachotsa mkangano wakuti lero tichite chiyani. Oyamba kumene akhoza kutsatira limodzi Couch to 5K, dongosolo la masabata 9 lothamanga katatu pa sabata, limene limayamba ndi kusinthanitsa masekondi 60 othamanga ndi masekondi 90 oyenda. Ubwino wake ndi wakuti aliyense amawerenga nthawi, choncho wachangu ndi wochedwa amamaliza pamodzi. Pa tsiku la mpikisano penipeni mphamvu ya gulu imaonekera bwino pa Comrades Marathon, ulendo wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg umene udayamba mu 1921: othamanga amakwera zimene amazitcha mabasi, magulu otsatira munthu mmodzi wonyamula mbendera amene amadziwa liwiro lofikitsa anthu kumapeto maola 12 asanathe. Choipa cha njirayi chimabwera mpikisano ukatha. Mendulo ikapachikidwa pakhoma, chimene chinkasonkhanitsa gulu chimakhala chatha, ndipo sabata yopumula imasanduka miyezi. Gulu lanzeru limapangana tsiku lokumananso mpikisano usanachitike.

Nditafunsidwa kuti ndisankhire munthu, woyamba kumene ndingamuuze kuti apeze mnzake mmodzi kapena awiri a msinkhu wake pa kuthamanga, atsatire limodzi dongosolo lowerenga nthawi, ndipo asathamangire kalabu kufikira atatha kuthamanga mphindi 30 osaima, pokhapokha ngati kalabuyo ili ndi gulu la oyamba kumene. Amene wathamanga kwa chaka kapena ziwiri ndipo waona kuti sakusinthanso, kalabu ndi imene ingamuthandize, koma apiteko kamodzi kapena kawiri pa sabata pa masiku olimba, masiku enawo athamange mopepuka ndi mnzake wocheza naye. Wochira kuvulala apewe gulu lililonse limene lingamukoke, chifukwa mtima umachira msanga kuposa mtsempha. Iyeyu parkrun kapena mnzake wochedwa kuposa iye ndi amene amuyenera. Kwa onsewa ndingaonjezere kuti asiye tsiku limodzi pa sabata lothamanga okha. Munthu amene sadathamangepo popanda womutsogolera sadziwa liwiro lake lenileni, ndipo pa mpikisano amangotsatira msana wa aliyense amene wamupitirira. Koma amene amathamangako yekha, tsiku limene mnzake adzatumize uthenga wakuti bondo latupa ndipo dokotala wamuletsa kwa masabata 6, amakhala atazolowera kale kumanga zingwe za nsapato popanda womudikira pamphambano.